Nyumba ya Chigumu

Amayi anzanga, mvula yagwa, mango apsa, ndipo ana atsala pang'ono kutsekera sukulu. Posachedwapa ayamba kutifunsa funso lija la chaka ndi chaka lakuti, "Kodi amayi, pa Khirisimasi tidzadya chiyani?" Ambiri a ife funso limeneli limatilasa mtima, pakuti Disembala ndi mwezi umene m'nkhokwe mumakhala mutayamba kuyera, ndalama zitathera ku mbewu ndi feteleza, pamene chimanga cha kumunda sichinafike n'komwe m'chiuno. Tsono lero ndati ndikusimbireni zimene ife amayi a gulu lathu tinachita pamodzi ndi ana athu pa Khirisimasi ya chaka cha 2023, mwina mnzanga wina n'kutolapo kanthu.

Kwathu ndi m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, m'boma la Machinga, kufupi ndi malire a dziko lathu ndi Mozambique. Nyanja yathu ndi yosaya ndiponso yodzala ndi mabango. Abambo amapha matemba, makumba ndi milamba, ndipo ife amayi timalima mpunga, chimanga, chinangwa ndi nandolo. Gulu limene ndimatsogolera ndi la banki m'khonde. Tilipo amayi 22, Akhirisitu ndi Asilamu pamodzi, ndipo timakumana Lachinayi lililonse patsinde pa mtengo wa mango. Mwezi wa Disembala ndiwo timagawana ndalama zimene tasunga chaka chonse.

Nkhaniyi inayamba ndi chithunzi. Mwana wa achemwali anga amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, ndipo tsiku lina anatitumizira pa WhatsApp chithunzi cha kanyumba kakang'ono kofiirira, kadenga loyera lomatidwa masiwiti. Anati kanyumbako anamanga ndi ana a mabwana ake, ndipo konseko n'kodyedwa. Ana a pamudzi anaunjikana pa foniyo ngati nyerere pa shuga. Mzime wanga, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anandiyang'ana nandifunsa kuti, "Kodi amayi, ku Joni anthu amadya nyumba?" Tonse tinafa nako kuseka. Koma mawa lake mwanayo anadzuka ndi mawu omwewo, ndipo mkuja lake anabwera ndi anzake atatu kudzapempha kuti nawonso amange yawo.

Pofuna kumvetsa bwino, ndinakafunsa aphunzitsi ena aakazi amene amakhala pafupi nafe. Iwo anandiuza kuti mwambowu kwawo kwenikweni ndi ku Germany, kumene mzinda wa Nuremberg wakhala wotchuka kwa zaka mazana ambiri ndi mkate wotsekemera wothira uchi ndi zonunkhiritsa. Anandisimbiranso nthano ya kumeneko ya ana awiri, Hansel ndi mlongo wake Gretel, imene abale awiri, Jacob ndi Wilhelm Grimm, anaisindikiza m'buku m'chaka cha 1812. M'nthanomo akuti m'dziko munagwa njala, ndipo makolo osauka anakataya anawo m'nkhalango posowa chowadyetsa. Atasochera ndi njala, anawo anapeza nyumba yomangidwa ndi mkate, denga lake la keke ndi mazenera a shuga, koma mwini wake anali mfiti yofuna kuwadya. Ambiri amakhulupirira kuti nthano imeneyi ndiyo inafalitsa mwambo womanga tinyumba totere.

Ndinabwerera kunyumba ndikulingalira kwambiri. Ine ndinkayesa kuti kanyumba kodyedwa ndi masewera a anthu okhuta. Koma taonani, gwero lake ndi maloto a mwana wanjala. Mwana amene wagona ndi phala la madzimadzi akhoza kulota nyumba yonse itasanduka chakudya. Pamenepo ndinaona kuti nkhaniyi si yachilendo kwa ife monga ndinkaganizira.

Lachinayi lotsatira, titatha kuwerengera ndalama, ndinapempha amayi kuti pa Khirisimasi tisonkhe kangachepe, timange kanyumba kotere ndi ana onse a m'mudzi. Muyenera kukumbukira, amayi anzanga, kuti chaka chimenecho chinali cha misozi. Mwezi wa Malichi mvula ya namondwe wa Freddy inagwetsa nyumba ndi kukokolola minda m'chigawo chonse cha kumwera, ndipo nafenso kuno sitinapulumuke. Amayi anayi a m'gulu lathu nyumba zawo za zidina zinagwa. Mwezi wa Novembala ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya shuga, mafuta ophikira ndi ufa wa tirigu inakwera ngati yamera mapiko. Motero nditatha kuyankhula panali zii.

Amene anayamba kuyankha ndi mayi wamkulu wa gulu lathu, amene tonse timawatchula kuti anganga. Iwo anati, "Amayi apampando, mundikhululukire. Ine m'chaka cha 2002 ndinadyetsa ana anga gaga ndi zitsa za nthochi. Lero inu mukuti titenge ufa, mwezi uno wa Disembala, tiwapatse ana aziseweretsa? Chakudya si dothi. Mwana amene waphunzira kuseweretsa ufa adzaseweretsa nkhokwe."

Mawuwo anandilowa, pakuti njala imeneyo nanenso ndinaiona, ndili ndi mwana woyamba kumbuyo. Sindikanatha kuwatsutsa. Koma mayi wina, mmodzi mwa aja anagwetsedwa nyumba, anayankhula motsitsa mawu nati, "Anganga, mwanena zoona. Koma ana anga chiyambire Malichi sanasekepo kuseka kwenikweni. Kukachita mdima kumwamba amathawira panja, ati chipupa chiwagwera. Ngati kapu imodzi ya mgaiwa ingawaseketse tsiku limodzi, ine ndipereka."

Tinakambirana mpaka dzuwa linapendeka. Potsiriza anganga anavomera, koma anaika malamulo atatu. Loyamba, pasapezeke munthu wotapa mtedza kapena chimanga cha mbewu. Lachiwiri, pasatayike ngakhale kanyenyeswa kamodzi, zonse zidyedwe tsiku lomwelo. Lachitatu, mwana aliyense wa m'mudzi adye nawo, kaya makolo ake asonkha kaya sanasonkhe, kaya amapemphera Lamulungu kaya Lachisanu. Lamulo lachitatuli silinavute, chifukwa kwathu kuno pa Idi anzathu Achisilamu amatitumizira mbale ya mpunga, ndipo ife pa Khirisimasi timabweza mbaleyo ili ndi kanthu. Tinagwirizana kuti aliyense abweretse kapu imodzi ya mgaiwa, ndipo amene alibe abweretse nthochi, nkhuni kapena madzi. M'thumba la gulu tinatapamo ndalama yogulira paketi imodzi ya shuga, soda, jinja, mafuta pang'ono ndi mbale ziwiri za mtedza ku msika wa Ntaja. Za ufa wa tirigu, mazira ndi masiwiti tinangoziiwala.

Pa 23 Disembala ndinati ndiyesere ndekha kuti ndisadzachite manyazi pamaso pa ana. Ndinakanda chigumu monga ndinaphunzirira kwa mayi anga, amene paubwana wanga ankapita ku maphunziro a zapakhomo. Ndinachipapatiza kuti chipyapyale, ndipo ndinadula zipupa zinayi monga zinaonekera pa chithunzi chija. Zitapsa ndinanyamula chipupa choyamba, ndipo chinathetheka m'manja mwanga momwemo. Chachiwiri chinaima pang'ono n'kugwada. Chachitatu sindinachiyese n'komwe. Anganga, amene anabwera ngati akudzapempha moto, anayang'ana zidutswazo, nandiyang'ana ine, n'kuchoka osanena kanthu. Kukhala chete kwawoko kunandipweteka koposa kundinyoza.

Pambuyo pake ndinazindikira chimene chinalakwika. Ufa wa tirigu ukaukanda umatamuka ndi kugwirana ngati ulimbo, choncho ukauphika wopyapyala umauma gwa ngati thabwa. Ufa wa chimanga ulibe ulimbo umenewo, n'chifukwa chake chigumu chimafuna kukhala chochindikala. Ndiponso anzathu aja amamata zipupa zawo ndi choyera cha dzira chopukusidwa pamodzi ndi shuga wosalala, chimene chimauma ngati simenti. Komanso ku Germany Disembala ndi nyengo yozizira kwambiri, ndipo kanyumba kamakhala pa tebulo milungu ingapo osaonongeka. Kuno ndi nthawi ya mvula ndi chinyontho, ndipo chilichonse chotsekemera chikagona, nyerere ndizo zimayamba kupereka moni. Ndinali nditatengera chithunzi cha eni ake osaganiza za ufa wathu ndi nyengo yathu.

Ndili chikhalire pakhonde ndi zidutswa zanga, ana anayamba kufika. Pakati pawo panali mnyamata wa zaka khumi ndi ziwiri, mwana wa mayi uja anayankhula pa msonkhano. Chilimwe chonse iye anakhala akuthandiza amalume ake kuumba njerwa zoti amangirenso nyumba yawo. Mnyamatayo anatola chidutswa chimodzi, nachitembenuzatembenuza, kenaka anati mwaulemu, "Amayi, nyumba samanga ndi chipupa chathunthu. Amayamba aumba kaye njerwa."

Ndinamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Ine mayi wamkulu, wotsogolera gulu, ndinali kulimbana ndi nzeru za kutsidya kwa nyanja, pamene yankho linali m'manja mwa mwana wa pakhomo pomwepo. Zoonadi, mwana ndiye anaona njobvu. Zidutswa zija tinamwera tiyi madzulo omwewo, ndipo lamulo la anganga silinaswedwe.

Tsiku la 24 amayi tinaphika zigumu zisanu zochindikala m'mapoto, moto pansi ndi makala pa chivundikiro. Tinazisiya usiku wonse kuti zizizire ndi kulimba, titazivundikira bwino ndi kuziika pa mpando umene miyendo yake tinaiviika m'zitini za madzi poopa nyerere. M'mawa wa Khirisimasi, ena tili ku tchalitchi, achemwali athu awiri Achisilamu anatsala akukazinga zitumbuwa zing'onozing'ono zopyapyala zoti zikhale zofolerera. Masana, anthu atatha kudya mpunga m'makomo mwawo, ana 34 anasonkhana patsinde pa mango paja.

Choyamba aliyense anasamba m'manja ndi sopo, madzi tikuchita kumuthirira. Pamenepa sitinanyengerere mwana aliyense, chifukwa tikukumbuka kuti mliri wa kolera umene unasautsa dziko lonse unayambira m'boma lathu lomwe lino mu Malichi 2022. Kenaka tinagawa ntchito. Amayi awiri ankadula chigumu m'tinjerwa tofanana ndi bokosi la machesi. Atsikana okulirapo anakazinga mtedza ndi kuusinja mu mtondo mpaka unasanduka chiponde, ndicho chinali matope athu omangira. Anyamata anasenda timabango topyapyala ta kunyanja ndi kutitsuka kuti tikhale phaso. Ang'onoang'ono tinawapatsa malambe kuti asankhe abwino oyala pabwalo la kanyumbako, ndi mango oti adule chitseko ndi mazenera mothandizidwa ndi akuluakulu. Malo omangapo anali lichero lalikulu loyalidwa tsamba la nthochi.

Mnyamata uja tinamuika kukhala kapitawo, ndipo sanachite ntchitoyo mwachibwana. Analamula kuti mzere wapansi ukhale wa njerwa ziwiriziwiri. Mwana wina akasanjika njerwa molunjika pamwamba pa inzake, iye ankaichotsa n'kunena kuti ya pamwamba iyenera kukhala pa mpata wa ziwiri zapansi kuti chipupa chimangane. Atsikana atafuna kuti denga lithere pa chipupa penipeni monga pa chithunzi, iye anakana. Anati, "Ayi, denga lituluke kunja, ndipo tiike khonde kuzungulira. Yathu ija inagwa chifukwa madzi ankamenya chipupa ndi kulowa pansi." Anawo anamvera osatsutsa. Ndinaona mayi ake atatembenukira kumbali akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Mwana amene kwa miyezi isanu ndi inayi ankathawa chipupa, tsiku limenelo anali kuphunzitsa anzake kamangidwe ka chipupa choti chisagwe.

Musaganize kuti zonse zinayenda mwa ulemu ngati mu tchalitchi. Njerwa zinkachepa modabwitsa pakati pa mbale ndi lichero, ndipo titafufuza tinapeza akuba ake atatu chiponde chili mbuu pamilomo, akulumbira kuti sanaone kanthu. Ana awiri anakangana za kumene chitseko chiyang'ane, mpaka tinachita kuika zitseko ziwiri. Mzime wanga analira chifukwa zenera lake la mango linkangotsetsereka. Koma ndinaonanso zina. Mtsikana wina amene kusukulu amati masamu amamuvuta ndiye ankawerengera njerwa za mzere uliwonse osaphonya. Ana amene makolo awo sayankhulana chifukwa cha malire a munda anali kupatsirana chiponde ndi supuni imodzi.

Denga analimangira pambali, zitumbuwa zitasanjikizana pa timabango, ndipo itakwana nthawi yolikweza kapitawo anayesa kulinyamula yekha. Linapindika, zitumbuwa ziwiri n'kugwera pa tsamba. Apo ndi pamene anganga, amene nthawi yonseyi anakhala patali pa mphasa ngati sizikuwakhudza, anadzuka nati, "Iwe mdzukulu wanga, sunamve kuti mutu umodzi susenza denga? Itana anzako." Ana anayi anagwira ngodya zinayi, anganga akuwauza kuti pang'onopang'ono, ndipo denga linakhala. Nthungululu zinamveka mpaka kudooko.

Kanyumbako sikanali kokongola ngati ka pa chithunzi. Kanali kopendekeka pang'ono, kofiirira konsekonse, msinkhu wake wosapitirira chikhatho ndi theka. Koma chodabwitsa n'chakuti itafika nthawi yoti kadyedwe, ana omwe aja ankaba njerwa anakana. Ankati tikasunge mpaka Chaka Chatsopano. Bambo wina wachikulire, mkulu wa mpingo, amene anaima kudzaonerera, anawauza kuti dzina la mudzi wa Betelehemu, kumene Yesu anabadwira, m'Chihebri limatanthauza nyumba ya mkate, ndipo mkate ntchito yake ndi kunyemedwa ndi kugawidwa. Tsono anganga anasamba m'manja, nasasula denga iwo eni, nayamba kugawa kuyambira kwa wamng'ono kwambiri. Mwana aliyense analandira njerwa zitatu, chitumbuwa chimodzi ndi malambe angapo. Zina tinakulunga m'tsamba kukapatsa ana awiri amene anali kudwala malungo. Pa lichero sipanatsale kanthu ngakhale ka nkhuku.

Chaka chotsatira zinthu zinavuta koposa. Mvula inadula pakati, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino ali pa ngozi ya njala. Pofika Disembala panalibe mayi amene akanapereka kapu ya mgaiwa osachepetsa nsima ya ana ake. Ine ndinati chaka chimenecho tingosiya. Koma anganga omwe aja ndiwo anakana. Anati ana aumbe njerwa za dothi monga amachitira pa masanje, amange nyumba yawo, ndipo m'kati mwake tiikemo mbale ya zitumbuwa zochepa zimene tingathe. Tinachitadi motero. Ana anamanga mudzi wonse wa tinyumba, ndi nkhokwe ndi khola lomwe, ndipo chitumbuwa chimodzi ankagawana awiri. Apo ndinatsimikiza kuti chimene ana ankafuna kwenikweni si shuga ayi, koma kuti ife akuluakulu tikhale nawo pansi tsiku lathunthu, tiwapatse ntchito yeniyeni ndi kumvera nzeru zawo.

Kwa amene angafune kuyesa, kaphikidwe kake ndi aka. Pa chigumu chimodzi tengani makapu anayi a mgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri zisanu ndi imodzi, masupuni aakulu atatu a shuga, supuni yaing'ono imodzi ya soda, ina ya jinja wosinja, mchere pang'ono ndi masupuni awiri a mafuta. Kanyani nthochi, sakanizani zonse, ndipo thirani madzi pang'onopang'ono mpaka zilimbe koposa phala koma zosafika pa nsima. Pakani mafuta m'poto, thiranimo, ndipo moto wa pa chivundikiro uchuluke kuposa wa pansi kuti chisapserere. Mukabaya ndi mpeni n'kutuluka woyera, ndiye kuti chapsa. Musachidule chikadali chotentha, chigone kaye. Chiponde chikhale cholimba, osathira madzi. Zipupa zisapitirire mizere isanu, chifukwa zikatalika zimalemera n'kugwa. Mpeni, moto ndi mafuta otentha zikhale m'manja mwa akuluakulu, koma zina zonse asiyireni ana, ngakhale muone kuti akupotoza. Ndipo ngati m'nyumba mwanu ufa ndi wa nsima yokha, musadzipanikize kapena kukongola. Dothi lilipo, ndipo ndi laulere.

Amayi anzanga, ana athu amaona zambiri pa mafoni masiku ano, ndipo si zonse zimene tingawagulire. Tikangowakalipira kuti zimenezo n'za olemera, amakula akuyesa kuti chabwino chilichonse chili ku Joni kapena ku Ulaya. Tikakakamira kutengera ndendende, timataya ufa ndi kudzichititsa manyazi monga ndinachitira ine. Koma tikakhala nawo pansi ndi kufunsana kuti, "Nanga ife ndi zathu zomwe tili nazozi tingapange bwanji?" amaphunzira kuti mgaiwa, nthochi ndi mtedza wa kwawo si zinthu zonyozeka. M'mera mpoyamba.

Mnyamata uja nyumba yawo inatha kumangidwa, ya njerwa zootcha, ndipo khonde lake ndi lalikulu ndithu. Ana a m'mudzi ayamba kale kudutsadutsa pakhomo panga kufunsa ngati chaka chino kuli kumanga, ndipo anganga atumiza uthenga woti lichero lawo latsopano lisabwerekedwe ndi wina aliyense mpaka tsikulo litadutsa. Ndikufunirani nonse Khirisimasi yabwino ndi Chaka Chatsopano cha mtendere, inu ndi ana anu.